Bwalo la gofu la ku St Andrews ndi la anthu a m'tauni, si la mabwana

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokozere awerengi anzanga za bwalo lakale la gofu la m'tauni ya St Andrews ku Scotland, limene eni ake amalitchula kuti Old Course. Ndikudziwa kuti kwa ambiri kuno kwathu munthu akangotchula gofu, chimene chimabwera m'mutu ndi mabwana a m'makampani, akuluakulu a boma ndi azungu a m'minda ya tiyi akuyenda mwachifatse pa kapinga wothiriridwa bwino, mnyamata atawasenzera thumba la ndodo pambuyo, ndipo sindingawatsutse chifukwa umo ndi mmene masewerawa adalowera m'dziko muno. Inenso ndakhala ndikusewera kwa zaka zambiri ndipo mawu onyoza amenewa ndidawazolowera. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti bwalo lotchuka kuposa onse padziko lapansi, limene wosewera aliyense amalakalaka atapondapo asanatsikire kuli chete, si la kalabu ya anthu olemera ayi. Ndi malo a anthu wamba a m'tauniyo, otetezedwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo, ndipo mmene adawasungira kwa zaka mazanamazana ndi nkhani yoyenera kuimva ngakhale munthu amene sadagwirepo ndodo ya gofu.

Ndidapitako m'nyengo yawo yofunda, nditakachezera mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Edinburgh. Ulendo wake si wovuta. Sitima yapamtunda imachoka ku Edinburgh, kuwoloka mlatho waukulu wachitsulo wa Forth, kulowa m'chigawo cha Fife, ndipo pakatha pafupifupi ola limodzi munthu umatsikira pa siteshoni ya Leuchars, pamene umakwera basi ya mphindi zochepa chabe, poti njanji yolowa m'tauni ya St Andrews yeniyeniyo idatsekedwa mu 1969. Tauniyo ndi yaing'ono, ya nyumba zamiyala yotuwa, ili ndi yunivesite yakale kuposa zonse ku Scotland imene idakhazikitsidwa mu 1413, komanso mabwinja a tchalitchi chachikulu chimene chidasiyidwa pa nthawi ya kusintha kwa mpingo cha m'ma 1559. Ukatsika ndi msewu wa North Street n'kukhota pamene nyumba zathera, bwalo lija limangotulukira pamaso pako. Palibe geti, palibe mlonda wofunsa kuti ukufuna ndani, palibe khoma la njerwa lokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Pali kampanda koyera kofika m'chiuno, ndipo anthu odutsa amatsamira pamenepo n'kumaonerera osewera akuyamba kapena kutsiriza.

Chodabwitsa china n'chakuti pakati penipeni pa kapinga wa dzenje loyamba ndi lomaliza pamadutsa kamsewu katala kotchedwa Grannie Clark's Wynd, kamene anthu amayendamo popita ku gombe la West Sands. Amayi okankha ana m'tingolo, ophunzira a pa njinga, ngakhale magalimoto amadutsa pomwepo, ndipo wosewera amene walipira ndalama zambirimbiri amaima n'kudikira kuti adutse. Mpira wako ukagwera pa kamsewuko n'kuima, malamulo salola kuutola. Umaumenyera pomwepo pa tala, ndodo yako yodula ikukalika.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyenera kufotokoza kaye mtundu wa nthaka yake. Bwaloli lili pa kamtunda ka mchenga pakati pa nyanja ya North Sea ndi minda, ndipo kumpoto kwake kuli matsiriro a mtsinje wa Eden. Nthaka yotere eni ake amaitchula kuti links. Ndi mchenga umene nyanja idausiya, mphepo n'kuuunjika m'timilu ndi m'tizigwa, ndipo chifukwa chakuti mbewu sizichita bwino pamenepo, palibe amene adalimbana nawo kuti alimepo. Pamamera udzu waufupi wolimba ndi zitsamba zaminga za maluwa achikasu, mitengo palibe, madzi a mvula amalowa pansi nthawi yomweyo, choncho mpira ukagwa umadumpha n'kugubuduka mtunda wautali kupita kumene mwini wake sadautume. Palibe katswiri amene adakhala pansi n'kujambula bwaloli papepala pachiyambi. Anthu ankangotsata mmene nthaka idakhalira, kupita chakumpoto m'mbali mwa gombe n'kubwereranso kutauni, ndipo amene adabwera pambuyo pake adangokonza apa ndi apo. Malowa adali ngati dambo la kumudzi, kumene wina amadyetsako ziweto, wina amamwetako udzu, amayi amayanikako zovala, anyamata amamenyako mpira, ndipo aliyense amadziwa kuti palibe amene angalitchingire mpanda n'kunena kuti ndi lake.

Gofu ankaseweredwa ku Scotland kale m'zaka za m'ma 1400, ndipo umboni wake ndi woseketsa, chifukwa ndi lamulo loletsa. Mu 1457 nyumba ya malamulo ya Mfumu James yachiwiri idaletsa gofu ndi mpira wamiyendo poona kuti amuna akutaya nthawi m'malo mophunzira kulasa mivi, dziko lili pa chiopsezo cha nkhondo ndi England. Boma silikadavutika kuletsa masewera a anthu ochepa olemera. Lidaletsa chifukwa anthu wamba, amene ankayenera kukhala asilikali, ndiwo adatengeka nawo. Chikalata chofunika kwambiri pa St Andrews ndi cha mu 1552, pamene Akibishopu John Hamilton adapatsidwa chilolezo choweta akalulu kumapeto kwa malowo, koma m'chikalata chomwecho adavomereza kuti anthu a m'tauni ali ndi ufulu wosewerapo gofu, mpira ndi masewera ena onse. Taonani, Akonzi, kuti ngakhale munthu wamphamvu ngati ameneyo adachita kulemba ndi kusindikiza kuti malowo si ake.

Anthu olemera adabwera pambuyo. Mu 1754 akuluakulu 22 adayambitsa bungwe lawo la osewera, limene mu 1834 Mfumu William yachinayi idalipatsa dzina la Royal and Ancient Golf Club. Iwowa ndi amene mu 1764 adaphatikiza maenje ena aafupi n'kuchepetsa chiwerengero kuchoka pa 22 kufika pa 18, ndipo n'chifukwa chake lero bwalo lathunthu la gofu, kaya ku Tokyo kaya ku Lilongwe, limakhala la maenje 18. Nyumba yawo yamiyala imene imaoneka pa zithunzi zonse yaima kuseri kwa poyambira dzenje loyamba, ndipo alendo ambiri amaganiza kuti bwalolo ndi lawo. Si lawo. Kalabuyo ili ndi nyumba yake ndi nthawi zake zosewera zimene idagwirizana ndi oyang'anira, koma nthakayo siili m'manja mwake, ndipo pali makalabu ena a anthu a m'tauni, amisiri ndi ogulitsa m'masitolo, amene amasewera pa bwalo lomwelo.

Komatu ufulu umenewu udatsala pang'ono kutayika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna awerengi atchere khutu. Mu 1797 khonsolo ya tauni ya St Andrews idali itamira m'ngongole, ndipo idachita zimene makhonsolo a ngongole amachita kulikonse: idagulitsa malowo. Pasadapite nthawi adagwera m'manja mwa banja la Dempster, limene lidayamba ulimi wa akalulu pa bwalo lonse chifukwa cha nyama ndi zikopa. Akalulu adakumba mauna paliponse, kapinga adaonongeka, ndipo osewera adayamba kuwapha. Mlandu udapita ku khoti lalikulu ku Edinburgh, udakafika mpaka ku nyumba ya House of Lords ku London, ndipo mkanganowo, umene mpaka lero umatchedwa nkhondo ya akalulu, udatenga zaka pafupifupi makumi awiri. Udatha mu 1821 pamene James Cheape, mwini minda ya Strathtyrum yoyandikana ndi bwaloli, amenenso adali wosewera, adagula malowo n'kuwabwezera ku gofu. Apatu anthu a m'tauni adangopulumukira m'kamwa mwa mbuzi, chifukwa akadagula munthu wina wosakonda masewerawa, bwenzi lero pali nyumba kapena msipu wa munthu mmodzi. Madzi akatayika saoleka, ndipo ngakhale iwowa adawaola, zidawatengera zaka pafupifupi zana limodzi, popeza mpaka mu 1894 ndi pamene lamulo lapadera la nyumba ya malamulo lidabwezera malowo m'manja mwa khonsolo ya tauni. Mu 1974, pamene makhonsolo aang'ono ankathetsedwa m'dziko lonse la Scotland, anthu adaopa kuti bwalo lawo ligwera m'manja mwa akuluakulu a kutali, choncho lamulo lina lidakhazikitsa bungwe losafuna phindu la St Andrews Links Trust, limene likuyang'anira Old Course ndi mabwalo ena oyandikana nalo mpaka lero.

Chizindikiro chooneka ndi maso chakuti malowa ndi a anthu chimaoneka Lamulungu. Tsiku limeneli bwalo limatsekedwa kwa osewera, kupatula pamene pali mpikisano waukulu, ndipo limasanduka malo ongoyendapo. Ndidaona mabanja atayala nsalu pa kapinga amene dzulo lake anthu ochokera ku America ndi ku Japan adalipirira mapaundi mazanamazana, agalu akuthamangitsana, agogo akuyenda ndi ndodo zawo zoyendera, ana akugubuduka m'tizigwa. Mwambowu udayamba chifukwa cha kusunga Sabata, koma anthu a kumeneko amakonda kunena kuti Old Tom Morris, amene adasamalira bwaloli kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ankati ngakhale osewera asafune kupuma, bwalo lokha limafuna kupuma. Tangoganizani ndalama zimene bungwe lija limasiya pa Lamulungu lililonse la nyengo yofunda, pamene anthu ambirimbiri akulira mpata wosewera. Limazisiya dala.

Mpata wosewerawo umapezeka movuta koma mwachilungamo ndithu. Gawo lalikulu la nthawi zosewera limaperekedwa mwa maere, amene amachitika kutatsala masiku awiri, ndipo amene akulowa maerewo ayenera kukhala awiri kapena kuposerapo, aliyense ali ndi chikalata chosonyeza kuti handicap yake siposa 36, kutanthauza kuti masewerawa amawadziwako ndithu ndipo sachedwetsa anzake. Ine ndidalowa pamodzi ndi mkulu wina wa kumpingo kumene mwana wa mlongo wanga uja amapemphera, ndipo mwayi udatigwera. Mtengo wake sindibisa, ndi wowawa: m'nyengo yofunda mlendo amalipira mapaundi oposa 300 pa ulendo umodzi wozungulira bwalo, osawerengera wonyamula ndodo. Koma wokhala m'tauniyo amagula tikiti ya chaka chonse pa mtengo wotsika kwambiri, moti mlendo ndi amene amalipirira mwini mudzi. Mpaka mu 1913 aliyense ankasewera ulere, ndipo eni tauni adapitiriza kusewera ulere mpaka mu 1946.

Poyambira dzenje loyamba ndi pamalo poopsa ngakhale kuti kapinga wake ndi wotambalala kuposa wina aliyense amene ndidamuonapo, chifukwa dzenje loyamba ndi la 18 amagawana bwalo limodzi lopanda nkhuti ya mchenga ngakhale imodzi. Choopsa ndi maso a anthu. Woitana amatchula dzina lako, odutsa aja atsamira pa kampanda, ena akuyang'ana pa mawindo a nyumba ya kalabu, ndipo manja amene akhala akugwira ndodo kwa zaka zambiri amayamba kunjenjemera. Kutsogolo kwa girini yoyamba, ndiye kuti kapinga wosalala wozungulira dzenje, kumadutsa kamtsinje ka Swilcan Burn, kopapatiza ndithu, koma kamameza mipira tsiku lililonse. Ukangochoka pamenepo tauni imatsalira kumbuyo ndipo umayamba kuona chifukwa chake anthu ena akafika koyamba amakhumudwa. Maso saona chilichonse chokongola. Pali tizitunda totuwa, zitsamba zaminga, mphepo yosaleka, ndipo nthawi zambiri suona kumene mpira wako ukagwere.

Wonyamula ndodo wanga adali bambo wachikulire wa m'tauni momwemo, wolankhula Chingerezi cha ku Fife chimene ndinkachita kutchera khutu kuti ndichimve, ndipo ntchito yake yeniyeni sidali kusenza thumba koma kundiuza kumene kuli adani obisika. Bwaloli lili ndi nkhuti za mchenga 112, zambiri zosaoneka uli poyambira, zina zazing'ono zongokwana munthu mmodzi, makoma ake omangidwa ndi zidutswa za kapinga zosanjikizidwa mpaka kuima chilili. Iye ankaloza nsonga ya tchalitchi kapena chitsamba chakutali n'kunena kuti menyerani uko, ndipo ngakhale maso anga ankati kumeneko n'kutchire, ndikamvera ndinkapeza mpira uli pabwino. Langizo lake lalikulu lidali lakuti kumanzere kuli moyo, kumanja kuli imfa, chifukwa malire a bwalo ndi minga zambiri zili kudzanja lamanja popita ndi pobwerera pomwe. Magirini asanu ndi awiri ndi ogawana, maenje awiri pa girini imodzi yaikulu, lina la opita lina la obwerera, ndipo manambala a maenje ogawanawo ukawaphatikiza amakwana 18 nthawi zonse, lachiwiri ndi la 16, lachitatu ndi la 15, choncho mpaka lachisanu ndi chitatu ndi lakhumi. Mbendera yoyera ndi ya opita, yofiira ndi ya obwerera, ndipo mlendo wosamvetsa akhoza kulunjika pa mbendera ya eni ake.

Dzenje la 11 ndi lalifupi, mtsinje wa Eden uli kuseri kwake, girini yake yopendekera kutsogolo, nkhuti zakuya zikudikira mbali zonse ziwiri. Pamenepa ndi pamene Bobby Jones wa ku America, ali mnyamata mu 1921, adakwiya atalephera kutuluka mu mchenga, n'kutola mpira wake kusiya mpikisano. Munthu yemweyo adabweranso n'kupambana mpikisano waukulu wa akatswiri wotchedwa Open pa bwalo lomweli mu 1927, ndipo mu 1958 tauni ya St Andrews idamupatsa ulemu wokhala mfulu ya mzindawo. Pa dzenje la 14 pali nkhuti yaikulu imene adaitcha Hell, ndipo amene adaitcha dzinali sadakokomeze. Ukalowamo mutu wako suoneka kwa amene ali kunja. Koma dzenje limene wosewera aliyense amaliganizira usiku asanagone ndi la 17, lotchedwa Road Hole. Poyamba umamenya mpira kudutsa pamwamba pa ngodya ya hotela, pamene kale padali mashedi a njanji, osaona kumene ukugwera. Kenako girini yake ndi yopapatiza, kutsogolo chakumanzere kuli kankhuti kakuya kamene nthaka yonse yozungulira imatsetserekera mwa iko, kuseri kuli msewu ndi khoma lamiyala, ndipo zonsezo zili m'masewera. Mu 1978 Tommy Nakajima wa ku Japan, ali pakati pa otsogola, adagubuduzira mpira wake kuchoka pa girini kulowa m'kankhutiko, adamenya kanayi kuti atuluke, ndipo adatsiriza dzenjelo atamenya kasanu ndi kanayi, pamene m'gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Wanganso udalowa momwemo, ndipo bambo uja adandiuza mosaseka kuti nditulukire chakumbuyo, kumene ndachokera, chifukwa munthu wanzeru amataya kumenya kumodzi kuti apulumutse kutatu. Ichi n'chifukwa chake zimene adachita Tiger Woods mu 2000, kuzungulira bwaloli masiku anayi osalowa m'nkhuti ngakhale imodzi n'kupambana ndi kusiyana kwa kumenya kasanu ndi katatu, osewera amazinenabe ndi mantha.

Pobwerera ku tauni pa dzenje la 18 umawoloka kamlatho kamiyala ka Swilcan, kamene akuti kadamangidwa zaka zoposa 600 zapitazo kuti abusa aziwolotsa ziweto. Ndi kakang'ono, masitepe ochepa chabe, koma akatswiri otchuka Arnold Palmer mu 1995, Jack Nicklaus mu 2005 ndi Tom Watson mu 2015 adaima pamenepo potsanzika, ndipo Lamulungu aliyense amajambulitsapo osalipira kanthu. Ife a kum'mwera kwa Africa tili ndi potamira pa bwaloli. Bobby Locke wa ku South Africa adapambana Open pamenepa mu 1957, ndipo mu 2010 Louis Oosthuizen, mwana wa mlimi amene adathandizidwa ndi bungwe la katswiri wa gofu wa kwawo Ernie Els kuti apitirize masewerawa, adapambana ndi kusiyana kwa zisanu ndi ziwiri pa 18 July, tsiku lobadwa la Nelson Mandela, thumba lake atasenza Zack Rasego, munthu wakuda mnzathu.

Sindikufuna kuti awerengi aganize kuti ndaona paradizo. Mtengo umene ndatchula uja umatsekera kunja anthu ambiri a ku Scotland komweko amene sakhala m'tauniyo. Kalabu ya Royal and Ancient, imene dzina lake lili pa malamulo a gofu amene timatsata ngakhale kuno, idakhala zaka 260 osalandira mayi ngakhale mmodzi kukhala membala, mpaka mamembala adavota mu September 2014, pamene Lorena Ochoa wa ku Mexico adali atapambana kale mpikisano waukulu wa amayi pa bwalo lomwelo mu 2007. Tsankho la pakati pa bwana ndi wantchito nalonso lidalipo. Old Tom Morris amene ndamutchula uja adabadwa mu 1821, mwana wa woluka nsalu, adayamba ngati wonyamula ndodo, adaphunzira kusoka mipira yachikopa yodzaza nthenga kwa Allan Robertson, ndipo adachotsedwa ntchito atapezeka akusewera ndi mpira wamtundu watsopano umene unkaopseza malonda a bwana wake. Adapambana Open kanayi, mwana wake Young Tom adapambananso kanayi asanamwalire pa Khrisimasi ya 1875 ali ndi zaka 24 zokha, koma kwa mabwana a m'kalabu anthu otere adali antchito basi. Kusiyana kwake n'kwakuti popeza anthu a m'tauni adali ndi ufulu wosewera pa bwalolo, palibe amene akadaletsa mwana wa woluka nsalu kusewerapo madzulo, ndipo m'menemo ndi mmene luso lake lidakulira. Lero dzenje la 18 limatchedwa dzina lake, ndipo manda a bambo ndi mwana ali m'mabwinja a tchalitchi chija, kumene alendo amapita kukaona.

Ndikaganiza za Old Tom ndimakumbukira anyamata amene amatinyamulira matumba pa mabwalo athu a ku Lilongwe, Blantyre, Limbe, Zomba ndi kumadera a tiyi. Aliyense wosewera moona mtima amadziwa kuti ambiri mwa iwo amamenya mpira bwino kuposa mabwana amene akuwasenzera, ataphunzira ndi ndodo imodzi yothyoka kuseri kwa mitengo. Masewerawa adabwera kuno ndi anthu a ku Britain, ambiri mwa iwo a ku Scotland komweko, dziko limene tili nalo pa ubale kuyambira masiku a David Livingstone, amene mzinda wa Blantyre udatengera dzina la kwawo. Koma adatibweretsera kalabu ndi geti yake, mwambo wa bwalo la anthu onse adausiya kwawo, ndipo ife titalandira ufulu tidangolowa m'malo mwawo osafunsa. Makalabu athu akhoza kupatula tsiku lokhazikika loti anyamatawa ndi ana a sukulu zoyandikana azisewera, osati mwa chifundo cha kapitawo wa chaka chimenecho koma zolembedwa m'malamulo a kalabu, kuti komiti ikasintha mwayiwo usasinthe nawo.

Nkhani ya 1797 ija imapitirira gofu. Ndani mwa ife amene sadziwa bwalo la mpira la m'dera lake limene lidagawidwa mapuloti usiku umodzi, kapena gombe la kunyanja kumene asodzi ankakokera makoka ndi amayi ankachapira, lero kuli mpanda wofika m'madzi ndi chikwangwani choletsa kudutsa? Amene amagulitsa amakhala ndi chifukwa chomveka nthawi zonse, kaya ngongole kaya chitukuko, monga momwe khonsolo ya St Andrews idalili nacho. Chidawapulumutsa anthu a kumeneko n'chakuti ufulu wawo udali wolembedwa kuyambira mu 1552, moti atapita kukhoti adali ndi pepala m'manja, ndipo atatopa ndi kudalira mtima wabwino wa munthu mmodzi adakakamiza kuti likhale lamulo. Mu 2003 dziko la Scotland lidapitiriza pokhazikitsa lamulo lopatsa aliyense ufulu woyenda pa malo ambiri a m'dzikolo, ngakhale kudutsa pa bwalo la gofu, bola asaponde girini kapena kusokoneza osewera. Mdani amene watsala kumeneko tsopano ndi nyanja, imene ikudya magombe a kum'mawa kwa dzikolo. Ku St Andrews akhala akumanganso milu ya mchenga ya ku West Sands ndi kubzalamo udzu wogwira nthaka, ndipo anthu a m'tauni amadzipereka pa ntchitoyo chifukwa akuteteza chawo.

Kwa Amalawi ambiri amene ali ku Edinburgh, Glasgow, Dundee ndi Aberdeen, ndikuti musaope dzina la malowa. Pitani Lamulungu ndi ana, mudzayenda bwalo lonse osatulutsa khobidi. Masiku ena pambali pa dzenje lachiwiri pali kabwalo ka tizitunda kotchedwa Himalayas, ka kalabu ya amayi imene idayamba mu 1867, kumene aliyense amabwereka ndodo ndi mpira pa mapaundi ochepa n'kusewera, kaya sadayambe wagwirapo. Mpikisano wa Open, umene udachitikira pa bwaloli koyamba mu 1873 ndipo udabwerako ka 30 pofika mu 2022, ukuyembekezeka kubwereranso mu 2027, ndipo nthawi imeneyo tauniyo idzadzaza, choncho ndi bwino kupita isadafike.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi lakuti mutume atolankhani anu ku makhonsolo a mizinda ndi maboma a m'mphepete mwa nyanja akafunse mndandanda wa malo amene adapatulidwa kuti akhale osewerera, opumulirako ndi njira zofikira kugombe, ndipo mudzausindikize m'Chichewa pamodzi ndi mmene malowo alili lero, kuti anthu a m'madera amenewo adziwe chimene chili chawo papepala.

Wokonda gofu,
Lilongwe